Zikhadabo za kuofesi m'chigawo cha Tete: zachibadwa, polishi, gel kapena akriliki?

Pa ntchito ya muofesi manja amaonekera kwambiri kuposa mmene ambiri timaganizira. Mlembi wa m'boma akamapereka kalata yoti isainidwe, wogwira ntchito kubanki akamawerengera kasitomala ndalama, kapena wolandira alendo akamaloza mzere woti munthu alembepo dzina, maso a amene waima kutsidya kwa tebulo amagwera pa zala. N'chifukwa chake nkhani ya kakonzedwe ka zikhadabo si yachibwana, ngakhale kuti ena amaiona ngati ya atsikana a m'tauni okhaokha. Masiku ano mayi amene walowa m'saluni mumzinda wa Tete, ku Moatize kapena ku Ulongué amafunsidwa kuti asankhe pakati pa polishi wamba, gel, akriliki ndi zikhadabo zomata, ndipo kawirikawiri palibe amene amakhala naye pansi kumufotokozera kusiyana kwake.

Maganizo anga ndi akuti njira zimenezi tisaziyerekeze potengera mmene zimaonekera tsiku limene mwatuluka m'saluni, pakuti tsiku limenelo zonse zimakhala zokongola. Tiziyerekeze poona mmene zimakhalira pa tsiku lakhumi, manja atachapa zovala, atatsuka mbale, atapakula nsima, atagwira chitsulo cha mu chapa (minibasi) m'mawa uliwonse, ndiponso atatayipa makalata sabata yonse. Chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi, ndipo chikawonongeka chonse pamatenga miyezi 4 mpaka 6 kuti chatsopano chifike kunsonga. Choncho chimene mwasankha Loweruka limodzi chingathe kukutsatirani kwa theka la chaka.

Tisanafike pa zopaka, pali kutalika ndi kadulidwe, zimene ndikuona kuti ndi zofunika kuposa mtundu. Chikhadabo choyenera ntchito ya pa kompyuta ndi chimene chapitirira nsonga ya chala ndi mamilimita 2 kapena 3 okha, kotero kuti mukayang'ana dzanja kuchokera kuchikhatho mumangoona kamzere kochepa. Chikatalika kuposa pamenepo, munthu amayamba kugunda mabatani ndi chikhadabo m'malo mwa mnofu wa chala, zolakwa zimachuluka, ndipo phokoso lake limasokoneza anzanu a m'chipinda chimodzi. Kutola kapini pa tebulo, kuchotsa mawaya omangira mapepala, kuika chala pa makina olembera nthawi yofikira pa ntchito, zonsezi zimasanduka zovuta. Pa kadulidwe, chozungulira motsatira nsonga ya chala ndicho cholimba koposa chifukwa chilibe ngodya yoti ikole pa nsalu. Chodulidwa mowongoka kutsogolo koma chopalidwa pang'ono m'makona chimaoneka chaudongo ndipo chimalimbanso bwino. Chowongoka chokhala ndi makona akuthwa chimabenthuka msanga m'makonamo. Zosongoka, kaya zosongoka pang'ono kapena zakuthwa kwambiri, zimafuna kutalika kuti zioneke bwino, ndipo pa chifukwa chimenecho sindiziika m'gulu la zoyenera ofesi ya boma kapena banki.

Njira yoyamba, imene anthu ambiri amaiderera, ndi kusiya zikhadabo zachibadwa koma zosamalidwa. Muziwenge kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, muzipale ndi tupa molowera mbali imodzi kuti zisagawanike, mutsuke kunsi kwake ndi kaburashi kofewa, kenaka mupake mafuta m'tsinde mwake usiku. Amene akufuna kuti ziwale angazipukute ndi kachipangizo kosalalitsira, koma osapitirira kamodzi pa mwezi, chifukwa kupukuta kulikonse kumachotsako pang'ono makulidwe a chikhadabo. Ubwino wa njirayi ndi wakuti palibe chimene chimasupuka, ndiye tsiku lakhumi limafanana ndi tsiku loyamba. Simudalira saluni, simudalira magetsi, ndipo ndalama zimene mumawononga ndi za sopo ndi mafuta basi. Kuipa kwake ndi kwakuti dothi lililonse limaonekera, makamaka ku Moatize kumene fumbi la malasha limalowa paliponse, kotero kuti munthu ayenera kukhala ndi chizolowezi choyang'ana manja ake asanalowe mumsonkhano. Kwa abambo njira ndi yomweyi, ndipo ndiwonjezerepo kuti chizolowezi chosiya chikhadabo cha chala chaching'ono chitatalika chokha sichipereka chithunzi chabwino pa desiki yolandirira anthu.

Polishi wamba, amene m'masitolo a kuno mumamupeza atalembedwa kuti verniz, ndi njira yachiwiri. Amauma yekha ndi mpweya, mungathe kupaka nokha kunyumba, ndipo kumuchotsa ndi nkhani ya mphindi zochepa ndi thonje. Vuto lake ndi lodziwika kwa aliyense amene anapakapo: sachedwa kubenthuka. Kwa munthu amene amachapa yekha pamanja, masiku atatu kapena anayi amakwana kuti nsonga ziyambe kuoneka, ndipo ndi ochepa amene amafika naye sabata yathunthu. Pano m'pamene mtundu umathandiza kapena kukuikani m'mavuto. Polishi wofiira kwambiri kapena wakuda akabenthuka pa chala chimodzi chokha, dzanja lonse limaoneka losasamalidwa, pamene wosaoneka mtundu kapena wofanana ndi khungu angathe kubenthuka pang'ono popanda kasitomala kuzindikira. Kuti akhalitse, pukutani chikhadabo chikhale chopanda mafuta, pakani polishi wapansi woyalira, kenaka mizere iwiri yopyapyala ya mtundu, ndipo malizani ndi wapamwamba, mukudutsitsanso burashi pa nsonga penipeni. Kutentha kwa mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumalimbitsa polishi m'botolo ngati lasiyidwa pawindo kapena m'galimoto, ndipo polishi wolimba chotero amapakika mokhuthala n'kusupuka mwamsanga. Sungani botolo pamalo amthunzi, lotsekedwa bwino.

Gel ndi amene watchuka kwambiri pakati pa amayi apantchito, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Amapakidwa ngati polishi, koma mzere uliwonse umaumitsidwa pansi pa nyali ya UV kapena ya LED, nthawi zambiri kwa masekondi 30 mpaka 60 pa nyali ya LED, kapena mphindi ziwiri pa ya UV yakale. Mukatuluka amakhala atauma kale, kotero kuti mungathe kupisa dzanja m'chikwama kufunafuna ndalama ya txopela (njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu) popanda kuwononga kanthu. Akapakidwa bwino amakhala masabata awiri kapena atatu akuwalabe, ndipo pa muyeso wathu wa tsiku lakhumi amapambana polishi wamba kutalitali. Chimene chimaoneka pa tsikulo ndi kampata kochepa m'tsinde, pamene chikhadabo chakula, ndipo kampatako sikaonekera kwenikweni ngati mwasankha mtundu woyandikira khungu lanu.

Komabe gel ali ndi mtengo wina umene sulipidwa pa kauntala, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa amayi ambiri amauzindikira mochedwa. Choyamba ndi kachotsedwe. Gel sachoka ndi mankhwala wamba ochotsera polishi. Pamafunika kupala pamwamba pake pang'ono, kuikapo thonje lonyowetsedwa ndi asetoni, kukulunga chala ndi kapepala ka aluminiyamu kwa mphindi 10 mpaka 15, kenaka kukankha mofatsa zimene zafewa. Munthu amene watumizidwa kukagwira ntchito ku Furancungo kapena ku Tsangano kwa mwezi wathunthu, kutali ndi saluni imene inamupaka, amayesedwa kuti angomatula ndi mano kapena ndi chikhadabo china pamene m'mbali mwayamba kutukuka. Gel akamatulidwa chotero amachoka ndi gawo lapamwamba la chikhadabo, monga pulasitala amene akagwa amatenganso nkhope ya njerwa, ndipo chotsala chimakhala chopyapyala, chamawanga oyera, chopindika mukachikanikiza. Kukonza kwake n'kudikira miyezi ija basi.

Chachiwiri ndi ziwengo. Gel ali ndi mankhwala a m'gulu la methacrylate, amene akakhala kuti sanaume ndipo akukhudza khungu mobwerezabwereza angachititse thupi kuyamba kudana nawo. Zizindikiro zake ndi kuyabwa ndi kutupa m'mbali mwa zikhadabo, khungu la nsonga za zala kung'ambika, chikhadabo kulekana ndi mnofu, ndipo nthawi zina zotupa zimatuluka m'zikope kapena pakhosi pamene zala zimagwira. Bungwe la madokotala a khungu la ku Britain, la British Association of Dermatologists, linachenjeza za vutoli mu 2018. Choopsa chake n'chakuti thupi likayamba kudana ndi mankhwalawa silibwereranso mwakale, ndipo mankhwala a mtundu womwewo amagwiritsidwa ntchito pomata mano ndiponso pa maopaleshoni ena a mafupa. Choncho yang'anitsitsani wokupakaniyo: ngati gel akusefukira pa khungu ndipo iye sakupukuta asanalowetse dzanja m'nyali, kapena magetsi athima pakati pa ntchito iye n'kunena kuti zauma kale, musavomere. Ndi bwinonso kupempha kuona botolo. Mayiko a European Union analetsa mankhwala otchedwa TPO mu zopaka zikhadabo kuyambira pa 1 Seputembala 2025, ndipo botolo lopanda ndandanda ya zimene zili m'kati silikupatsani mwayi wodziwa chimene chikuikidwa pa thupi lanu. Za nyali ija, popeza imatulutsa kuwala kwa UV kumene kumapezekanso m'dzuwa, madokotala a khungu amalangiza kupaka mafuta oteteza ku dzuwa pamwamba pa manja kapena kuvala magolovesi odulidwa kunsonga, makamaka kwa amene amapakitsa mwezi ndi mwezi.

Ndi zonsezi, sindikunena kuti gel ndi woipa. Kwa mayi amene amakhala pafupi ndi saluni yodalirika, amene angathe kubwererako pa masabata awiri kapena atatu aliwonse, ndiponso amene ntchito yake ndi yokumana ndi makasitomala tsiku lonse, gel wopakidwa pa zikhadabo zake zazifupi ndiye njira imene imaoneka bwino kwa nthawi yaitali. Ndingomulangiza kuti akapakitsa kawiri kapena katatu motsatizana azipumitsa zikhadabo kwa masabata angapo, kuti aone mmene zilili kunsi.

Akriliki ndi nkhani ina. Apa wokonzayo amasakaniza madzi apadera ndi ufa pa burashi, n'kuumba chikhadabo chatsopano pamwamba pa chanu, kawirikawiri atamatapo kaye nsonga yapulasitiki kuti chitalike. Chimene chimatuluka ndi cholimba kwambiri, ndipo kwa munthu amene zikhadabo zake zimangothyoka kapena amene amazidya, akriliki wamfupi angamuthandize kwa kanthawi. Koma anthu ambiri amapakitsa akriliki chifukwa chofuna kutalika, ndipo kutalikako n'kumene kumatsutsana ndi ntchito ya muofesi. Pa masabata awiri kapena atatu aliwonse pamafunika kubwerera kukadzazitsa mpata wa m'tsinde, choncho ndalama zake sizithera pa tsiku loyamba. Amene akuwerengera meticais ake awerengere za miyezi itatu, osati za ulendo umodzi. Kulimba kwakenso kuli ndi ngozi yake, pakuti chikhadabo chikakola pa chitseko cha kabati ya mafayilo, akriliki sathyoka msanga, ndiye mphamvu yonse imapita ku chikhadabo chanu chimene chingazuke pa mnofu.

Palinso vuto la madzi. Akriliki akatukuka pang'ono m'mbali, madzi ochapira amalowa kunsi n'kukhala momwemo, ndipo m'nyengo yotentha ndi yachinyezi tizilombo timaswana mosavuta. Banga lobiriwira limene ena amalipeza atachotsa akriliki limayambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Pseudomonas, ndipo kumatanso china pamwamba pake kumangokulitsa vutolo. Muyenera kusiya chikhadabocho poyera, chouma, ndi kukaonana ndi achipatala ngati chikupweteka kapena bangalo likukula. Samalaninso ndi akriliki wotchipa modabwitsa, wafungo lamphamvu lolasa m'mphuno, amene safewa ngakhale atanyikidwa mu asetoni kwa nthawi yaitali. Zimenezi ndi zizindikiro za mankhwala otchedwa MMA, amene bungwe la FDA, loona za chakudya ndi mankhwala ku United States, linalimbana nawo m'zaka za m'ma 1970 anthu atadandaula za kuwonongeka kwa zikhadabo ndi khungu. Pa njira zonse zimene tikuyerekeza, akriliki wamtali ndimamuika pamapeto pa nkhani ya ofesi.

Zikhadabo zomata, zogulidwa m'kabokosi pamodzi ndi guluu wake, n'zothandiza pa tsiku limodzi kapena awiri, monga pa mwambo wa kuntchito kapena pojambulitsa. Sankhani zazifupi ndipo muyeze chilichonse pa chala chake musanamate. Sindingazidalire sabata yathunthu, chifukwa chimodzi chikagwa pa tebulo pamaso pa kasitomala, manyazi ake amaposa ubwino wonse umene zinabweretsa.

Pali njira inanso imene amayi achisilamu a ku Tete akuidziwa bwino, ndiyo hena. Popeza polishi, gel ndi akriliki zimatchinga madzi kuti asafike pa chikhadabo, ambiri saziona ngati zoyenera kwa munthu amene amasamba m'manja pokonzekera swala kasanu pa tsiku, pamene hena amangosiya mtundu osaika chotchinga. Sabenthuka, ndipo mtundu wake wofiirira umagwirizana ndi khungu lathu. Chofunika kudziwa n'chakuti pa chikhadabo sachoka. Amatha pokhapokha chikhadabo chikamakula n'kumawengedwa, kotero kuti pakapita mwezi m'tsinde mumaoneka poyera ndipo muyenera kupakanso. Pewani hena wakuda bii wosakanizidwa ndi mankhwala a PPD, amene amadziwika kuti amawotcha khungu la anthu ena.

Pa mitundu sindichulutsa mawu. Wosaoneka mtundu, wapinki wozimirira, wa khofi wothira mkaka, ndi wofiirira woyandikira khungu lanu, yonseyi imalowa muofesi iliyonse ndipo imagwirizana ndi yunifolomu komanso ndi capulana (chitenje) ya Lachisanu. Poyesa, ikani botolo pafupi ndi chala chanu panja pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa mitundu yambiri yotchedwa ya khungu inapangidwira khungu loyera ndipo pa dzanja lakuda imaoneka yotuwa ngati choko. Wofiira woderako ndi wolemekezeka pa zikhadabo zazifupi, bola mukhale okonzeka kumuchotsa tsiku lomwelo akabenthuka. Kapakidwe ka French, ka nsonga zoyera, kamene kanatchukitsidwa ndi Jeff Pink wa kampani ya Orly ku America m'zaka za m'ma 1970, kamaoneka kaudongo ngati mzere woyerawo ndi wopyapyala, koma m'malo afumbi nsonga zoyera sizichedwa kuda. Timiyala tonyezimira ndi zojambula pa chala chilichonse zisungireni ukwati ndi tchuthi cha Disembala.

Mtundu wa ntchito nawonso umadula nkhani m'malo ena, moti kusankha kumachepa. Amene amagwira odwala, kaya ndi namwino, mzamba kapena dokotala, akudziwa kuti malangizo a ukhondo wa m'manja a mu 2009 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati asavale zikhadabo zoikirira ndipo zachibadwa zikhale zosapitirira theka la sentimita kunsonga, chifukwa kunsi kwa zikhadabo zazitali ndi zoikirira kumasunga tizilombo ngakhale munthu atasamba m'manja. Wogwira ntchito muofesi ya pachipatala, ngakhale sagwira odwala, amachita bwino kutsatira zomwezo. Chimodzimodzi amene amakonza kapena kupereka chakudya kuhotela ndi m'makantini a makampani, kumene kachidutswa ka polishi kangagwere m'mbale. Amene ofesi yake ili pa mgodi kapena pa malo omanga, ndipo nthawi zina amayenera kuvala magolovesi ndi chisoti kuti akayendere ntchito, apeza kuti chikhadabo chachitali chimaboola golovesi. Wowerenga ndalama kubanki ndi wodinda makalata tsiku lonse amathetsa nsonga za polishi msanga kuposa ena, ndiye kwa iwo chisankho chenicheni chili pakati pa zachibadwa ndi gel wamfupi. Ndipo kulikonse kumene mwangoyamba kumene ntchito, funsani kaye ngati pali lamulo lolembedwa la kavalidwe, kenaka onani manja a amayi amene akhalitsa pamalopo.

Nyengo ya kumene mumakhala isaiwalike. Ku Angónia ndi ku Tsangano, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumaumitsa khungu la m'mbali mwa zikhadabo mpaka kung'ambika, ndipo tizikopa totukuka timeneti timawononga maonekedwe a dzanja ngakhale polishi atakhala wokwera mtengo chotani. Mafuta odzola wamba kapena a kokonati, opakidwa usiku uliwonse komanso mukangomaliza kuchapa, amathetsa vutoli. Musatizule ndi mano. Tiduleni ndi chowengera choyera. Kuchigwa cha Zambezi vuto ndi thukuta ndi fumbi, choncho kaburashi kosungidwa m'chikwama kapena m'kabati ya pa desiki n'kofunika kwambiri.

Njira iliyonse imene ikufuna saluni imadaliranso ukhondo wa saluniyo. Zida zachitsulo ziyenera kutsukidwa ndi kuphedwa tizilombo pakati pa kasitomala mmodzi ndi wina, ndipo tupa wa pepala amene wagwira kale ntchito pa munthu wina asagwire pa inu. Matenda a chiwindi a Hepatitis B ndi C amafala kudzera m'magazi, ndipo kachilonda kakang'ono kochekedwa ndi chida chosatsuka n'kokwanira kutsegula njira. Amayi ena amanyamula zida zawozawo popita kusaluni, ndipo ndikuona kuti ndi nzeru yabwino imene siyenera kukhumudwitsa wokonza aliyense wodziwa ntchito yake. Muuzeninso kuti kakhungu ka m'tsinde mwa chikhadabo akangokakankha mofatsa, asakadule, pakuti ndi kamene kamatseka mpata kuti tizilombo tisalowe, ndipo kakadulidwa chala chingatupe n'kuchita mafinya.

Kwa amene waitanidwa ku mafunso olowera ntchito, langizo langa ndi lakuti asayese njira yatsopano madzulo a tsiku lomaliza. Awenge ndi kupala zikhadabo kutatsala masiku awiri, apake polishi wosaoneka mtundu kapena wozimirira ngati akufuna, ndipo achapiretu zovala zake asanapake. Ngati ali ndi akriliki wamtali amene anapakitsa pa chikondwerero china, apite akamufupikitse kapena kumuchotsa kutatsala sabata imodzi, kuti ngati zikhadabo za kunsi zapezeka zopyapyala kapena zamawanga akhale ndi nthawi yozidula mofanana ndi kuzipaka mafuta.